Msonkho uloŵe mu mtengo wa citenge cisanagulidwe

Mlungu watha ndinakwela basi pa Kulima Tower, ndipo pampando wakumbuyo ndinakhala ndi mtsikana wina amene ananyamula cikwama ca ukwa pamiyendo. Foni yake sinali kupuma. Uyu afunsa mtengo, uyo afuna cithunzi cina. "Ba sisi, ka blue kaja kasila, kwasala cabe ka maluwa," anatelo poyankha wina. Amagula zitenge ku Kamwala ndi pa msika wa COMESA, n'kumazigulitsa pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Ndinamufunsa ngati amalipila msonkho. Anaseka mpaka kondakitala anatembenuka. "Msonkho wa cani? Ine nilibe shopu, nili cabe na foni."

Sindinamuseke, cifukwa ambili a ife timaganiza conco. Koma lamulo la msonkho siliyang'ana ngati muli ndi citseko kapena shelufu. Liyang'ana ngati mukugulitsa. Ndipo cimene cimagwetsa malonda aang'ono ambili ndi kuudziŵa mocedwa msonkhowo, mitengo itaikidwa kale ndipo makasitomala ataizoloŵela.

Wamalonda wamng'ono amagwela pa msonkho umene a ZRA amautcha turnover tax. Kuyambila mu January 2025 msonkhowu ndi 5 pelesenti, ndipo ndi wa malonda amene sapitilila K5 miliyoni pa caka. Apa mvetsetsani bwino: amauŵelengela pa ndalama zonse zimene mwagulitsa, osati pa phindu.

Tinene kuti mwagula citenge pa K150 n'kucigulitsa pa K200. Mumtima mukuti mwapata K50. Koma 5 pelesenti ya K200 ndi K10, ndiye mwatsala ndi K40. Cotsaniponso ya basi yopita kukagula katundu, ya bando, ya pulasitiki, ndi imene imadulidwa potapa ndalama pa buthi ya mobile money. Kasitomala akakhala ku Matero inu muli ku Kalingalinga, ndipo munalonjeza kumupelekela mahala, phindu lonse lathela mumseu. Mwagwila nchito tsiku lathunthu kulemeletsa eni mabasi.

N'cifukwa cake ndikuti msonkho ndi zolipila zonsezi ziloŵe mu mtengo musanaike cithunzi pa status. Ya kupeleka katundu muichule payokha, kasitomala aidziŵe asanavomele.

Kulembetsa sikovuta monga mmene timaopela. TPIN ndi yaulele, imafuna NRC yanu, ndipo ngati muli ndi akaunti ku banki mwina muli nayo kale. Cotsala ndi kuuza a ZRA kuti mwayamba malonda. Lipoti la mwezi ndi ndalama yake zifunika kufika pasanapite pa 14 mwezi wotsatila, ndipo mukacedwa pamakhala cilango. Ngati mufuna dzina la malonda, monga lija mwalemba pa peji yanu, mulilembetse ku PACRA wina asanalitenge.

Ena adzati, nanga n'kudzipelekelanji wekha kwa mkango? Yankho lili pa kasitomala wamkulu. Komiti ya kitchen party kapena ya cilanga mulilo ingagule zitenge 30 popanda kufunsa pepala lililonse. Koma kampani kapena sukulu imene ifuna zitenge za pa Tsiku la Amai, pa 8 March, idzafunsa invoice ndi TPIN. Wopanda mapepala amangoona oda ikupita kwa mnzake.

Malonda akakula, mudzafuna kuitanitsa katundu ku Kariakoo, mu Dar es Salaam, kudzela pa Nakonde. Pamenepo pali msonkho wa kasitomu ndi VAT ya 16 pelesenti. Wonyamula katundu akakuuzani kuti "osadandaula, nizapitisa cabe," funsani lisiti ya kasitomu. Katundu wopanda mapepala akagwidwa panjila, wonyamula amazimitsa foni, ndipo amene amalila ndi mwini kapito.

Zina ndi zazing'ono koma zimasunga malonda. Khalani ndi SIM ya malonda yokha, kuti ndalama ya zitenge isasakanikilane ndi ya ndiwo. Gulani kabuku, muzilemba tsiku, cimene mwagula, cimene mwagulitsa ndi amene ali ndi nkhongole. Jambulani citenge panja masana, cifukwa mtundu wa pa foni ukasiyana ndi weniweni mudzabweza ndalama. Lembani ngati ndi ca mamita aŵili kapena ca mayadi 6. Ndipo musapeleke katundu cifukwa ca meseji yakuti ndalama yaloŵa. Yang'anani balansi yanu coyamba, pakuti mameseji abodza ndi ambili mu Lusaka muno.

Nawonso a ZRA ali ndi mbali yawo. Mtsikana wa m'basi uja si kuti akuthaŵa msonkho. Palibe amene anamufotokozela m'cinenelo cimene amagulitsila. Bwelani pa City Market, pa Millennium ndi pa Lumumba, mukambe nafe m'Cinyanja ndi m'Cibemba, ndi zitsanzo za K200, osati za mamiliyoni. Munthu amene amamva za msonkho koyamba pa tsiku la cilango sangaukonde.

Titafika pa siteji yake, mtsikanayo anakuwa kuti "ba kondakitala, niseluka!" Asanatsike anandifunsa kuti, "Manje ngati naikapo K10, sibazathaŵa makasitomala?" Ndinamuuza kuti ena adzathaŵa ndithu. Koma kasitomala amene amakhala cifukwa cakuti inu mukuluza, mukumulipila ndinu kuti avale citenge canu.