Windo yoonekela mkati ni yabwino, koma malemba azioneka

Amene mwayamba kuphunzila Python mudzakumana nawo mzele uwu mu Tkinter: root.attributes('-alpha', 0.7). Mukangoulemba, windo ya pulogilamu yanu isanduka ngati galasi, ndipo zonse zili kumbuyo kwake ziyamba kuonekela. Nambala 1 itanthauza windo yosaonekela mkati, 0 ni windo imene yazimililatu. Ni cinthu cokondweletsa, sitikana. Koma ise tikuti musafulumile kuciika mu pulogilamu imene anthu ena adzaseŵenzetsa.

Mzele uja susankha. Ucepetsa mphamvu ya windo yonse pamodzi: malemba, mabatani, manambala, zonse. Pa Windows, amene alemba mu C aseŵenzetsa SetLayeredWindowAttributes na nambala yocokela pa 0 kufika 255, ndipo zotulukapo n'zimodzimodzi. Tsopano ganizilani malemba akuda ali pamwamba pa cithunzi ca wallpaper ca usiku, kapena pamwamba pa malemba a windo ina. Wolemba pulogilamu sangadziŵe cimene cidzakhala kumbuyo pa kompyuta ya munthu wina. Malangizo a WCAG amafuna kuti malemba wamba asiyane na kumbuyo kwake pa mlingo wa 4.5 kwa 1. Mudzaupima bwanji mlingo umenewo ngati kumbuyo kusintha mphindi iliyonse?

Makampani akuluakulu nawonso akhala akupita uku na uku pa nkhaniyi. Microsoft inabweletsa galasi la Aero mu Windows Vista mu 2007, ndipo makompyuta ofooka sanali kukwanitsa kulionetsa. Mu Windows 8, mu 2012, inalicotsa. Mu Windows 11 muli Mica, imene ioneka ngati galasi koma si galasi: imangotenga mtundu wa wallpaper, sionetsa mawindo ena. Apple inatulutsa Liquid Glass mu 2025, anthu n'kudandaula kuti kuŵelenga kwavuta, ndipo pambuyo pake inawonjezela posankha kuti galasilo licepe kuonekela.

Kuno kwathu palinso nkhani ya makina. Ambili tiseŵenzetsa malaputopu amene anadutsa kale m'manja mwa anthu ena, a batili yotopa. Windo yoonekela mkati, maka-maka ija yocititsa kumbuyo kuoneka mwa cimbuuzi, ipatsa kompyuta nchito yosakaniza zithunzi nthawi zonse. Windows yeniyeniyo imazimitsa galasi la Acrylic mukayatsa battery saver. Malaiti akapita, mphindi zija n'zofunika kwa wophunzila amene akumalizitsa assignment. Pa Linux ya X11 yopanda compositor, alpha yanu siigwilanso nchito n'komwe.

Pali pomwe kuonekela kumathandiza. Ku studio ya wailesi, kawochi kakang'ono koyandama pakona, koŵelenga masekondi otsala nyimbo isanathe, kafunika kuti kasabise zimene zili pansi pake. Apo cifukwa cilipo: woulutsa afunika kuona zinthu ziŵili panthawi imodzi, ndipo alibe nthawi yosuntha mawindo maikolofoni ili yotsegula. Ngakhale apo, manambala akhale olimba, kumbuyo kokha ndiko kuonekele. Mu Qt zitheka: muyatsa WA_TranslucentBackground, n'kujambula malemba na mtundu wathunthu.

Ndipo ikani batani lozimitsila. Windows ili nalo pa Transparency effects, macOS pa Reduce transparency. Ambuya amene aŵelenga na magalasi, kapena mlongo wogulitsa airtime amene laputopu yake ili padzuŵa la October, sayenela kupempha inu kuti aone zimene mwalemba.