Ngolo Yapamsewu Wafumbi Ikhale Yachitsulo

Mlimi wa ku Nsaru kapena ku Kabudula akagulitsa fodya ku okushoni ya ku Kanengo, kawirikawiri maganizo amathamangira ku ngolo: yang'ombe, yaabulu, kapena yokokedwa ndi thirakitala. Alipo ena amene aona ngolo zonyezimira za aluminiyamu kumbuyo kwa mathiraki odutsa pa Namitete kupita ku Mchinji, ndipo akufunsa ngati chitsulo sichinathe ntchito.

Funsolo n'lomveka. Aluminiyamu ndi wopepuka pafupifupi katatu poyerekeza ndi chitsulo, ndipo sachita dzimbiri lofiira lija. Mwini thiraki amene amaimitsidwa pa sikelo yapamsewu amapindula, chifukwa ngolo ikapepuka amaonjezera matumba.

Koma msewu wa M12 umene mathirakiwa amadutsa ndi wa phula, pomwe njira zambiri zolowera kumidzi ya ku Nambuma ndi zamabampu okhaokha. Aluminiyamu akamagwedezeka tsiku ndi tsiku amayamba ming'alu, makamaka pamfundo zowotcherera. Komanso amapindika msanga, choncho amafunika wochindikala, ndipo kupepuka kuja kumachepa pomwe mtengo ukukwera.

Nkhani yagona pa kukonza. Ngolo yachitsulo ikathyoka mpini wake itasenza matumba a chimanga a makilogalamu 50, mnyamata wowotcherera pa Mpingu amakoka kamakina kake, n'kulumikiza mawaya, kuthetheka kangapo, basi ulendo wapitirira, bola magetsi akhale alipo. Aluminiyamu safuna zimenezo. Amasungunuka pa madigiri 660, pamene chitsulo chimafika cha m'ma 1,500, ndiye wosazolowera amangoboola m'malo molumikiza. Kuti agwire bwino pamafunika makina ena ndi mpweya wa argon, zinthu za m'tauni. Kumudzi aluminiyamu amadziwika ndi amisiri osungunula mapoto, osati okonza ngolo.

Chitsulo chili ndi mdani wake: dzimbiri, ndipo feteleza wotayikira m'ngolo amalifulumizitsa kwambiri. Mankhwala ake si odula. Kutsuka ukatsitsa urea, kupaka penti mvula isanayambe, kuimika ngolo pansi pa chigafa.

Pa nkhani ya kulemera kwa ngolo, olakwa enieni ndi amisiri ena amene amaunjika zitsulo zonenepa pa ekisulo ya galimoto yakale, ati kuti wogula aone kulimba. Ng'ombe zimayamba kupuma wefuwefu ngolo ilibe kanthu, goli likudya khosi. Alimi musalipire kulemera: funsani mafupa achitsulo ocheperako, pansi ndi m'mbali muike matabwa, ndipo aluminiyamu muwasiyire a mathiraki.