Maphunziro a madokotala kumudzi asamadalire thumba la alendo lokha

Ngati muli Fomu 3 kapena 4 ndipo Biology ndi Chemistry zikukuyenderani, mwina mumalota za KUHeS, yunivesite ya zaumoyo imene inabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Mukaiganiza mumaona Blantyre ndi chipatala cha Gulupu. Komatu kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 84 amakhala kumudzi. Ndiye dokotala wophunzirira m'tauni mokha adzawathandiza bwanji?

N'chifukwa chake ophunzira udokotala amatumizidwa kwa milungu ingapo ku zipatala za m'maboma, monga cha Mangochi. Zimenezi zimafuna ndalama: galimoto, malo ogona, ndi madokotala owaphunzitsa. Mabungwe akunja, monga Seed Global Health la ku America, akhala akuthandizapo. Tiyamike ndithu. Koma ine ndikuti maphunziro amenewa si ndiwo zapadera ayi, ndi nsima yeniyeniyo, ndipo boma liyenera kumawalipira lokha.

Tiyeni tione chifukwa chake. Ku Gulupu kuli labotale yaikulu, X-ray ndi akatswiri a matenda osiyanasiyana. Kuchipatala chaching'ono mumadalira maso, makutu ndi zida zochepa. Mwana wabwera thupi lili moto: kadontho ka magazi pa kachipangizo koyezera malungo kakuuzani zotsatira m'mphindi 15 kapena 20. Akutsokomola? Werengani mpweya wake. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi, ganizirani chibayo. Ngati tepi yoyezera mkono yaonetsa zochepera masentimita 11.5, ndiye kuti wanyentchera kwambiri, akufunika chiponde. Kenako pali funso lovuta koposa: athandizidwe pompano, kapena atumizidwe kuchipatala chachikulu? Luso limenelo simungalilowezere m'buku. Bungwe la WHO nalonso, m'malangizo ake a 2010 ndi a 2021, limati kuphunzitsira ophunzira kumudzi kumathandiza kuti adzakagwire ntchito kumeneko.

Tsono taganizani za Dzaleka, kuno ku Dowa. Kampuyi inatsegulidwa mu 1994 kuti muzikhala anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Chipatala chake chimathandiza othawa kwawo komanso anthu a m'midzi yozungulira. Pamene anthu apanikizana, TB imafala msanga chifukwa imayenda mumpweya, ndipo kolera imapeza njira pakakhala vuto la madzi ndi zimbudzi. Wodwala wina amayankhula Chiswahili, wina Chirundi, ndiye dokotala ayenera kuphunzira kufunsa mafunso kudzera mwa womasulira. Wophunzira atakhala mwezi pamenepa, n'kupitanso ku zipatala za boma za Dowa ndi Ntchisi, angabwerere ali munthu wina.

Wina afunsa kuti, "Ndiye anthu ovutika kale asanduke zidole zophunzirira?" Funso labwino kwambiri. Yankho n'lakuti wophunzira asamasiyidwe yekha. Pambali pake pazikhala dokotala kapena clinical officer wodziwa ntchito, ndipo wodwala azifunsidwa kaye, m'chinenero chimene akumva, ngati akulola. Woyang'anira ameneyu ndiye mtima wa pulogalamu yonse, ndipo amafunika malipiro mwezi ndi mwezi, osati pokhapokha pulojekiti ikakhalapo.

Apa ndi pamene pagona vuto. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri lopita kunja, ndipo ntchito zaumoyo m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo kuno kwathu, zinagwedezeka. Palibe amene anatifunsa. Pulojekiti ikatha, chimene chimayamba kuduka ndi mafuta a galimoto ndi lendi ya kogona, ndipo kalasi yonse ikhoza kumaliza osalawako ntchito yakumudzi.

Boma lilibe ndalama? Zoona, thumba n'lopereŵera. Koma mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Pa ndalama zoterozo, kutumiza ophunzira kumudzi n'kachigawo kakang'ono. Abwenzi akunja atithandize kumanga zinthu zokhalitsa, monga nyumba zogona ophunzira. Zolipira mwezi ndi mwezi zikhale zathu.

Pomaliza, inu a pa CDSS ya ku Mponela, Mvera kapena Malomo, mvetserani izi: malangizo a WHO omwe aja amati ophunzira okulira kumudzi ndiwo kawirikawiri amakagwira ntchito kumudzi. Ndiye musadziderere. Limbikirani sayansi, ndipo phungu wanu akadzabwera kusukulu mudzamufunse kuti: ndalama yophunzitsira madokotala kumudzi ili pati mu bajeti?