Kodi ndalama ya nyimbo yochokera ku Nzama imathera kwa yani?

Nkhani ya kufa kwa msika wa nyimbo ikayambika, chala chimaloza kwa mnyamata wa kompyuta wa pamsika wa kumudzi. Ku Nzama m'boma la Ntcheu, monganso ku Lizulu kapena ku Tsangano, wofuna nyimbo amatenga foni kapena memori kadi, kupereka kandalama kochepa, n'kubwerako ndi nyimbo zomvera mpaka chaka kutha. Oyimba amati kumeneku ndi kuba. Lamulo lili kumbali yawo, ndipo ife sitikutsutsa. Koma mayi wa ku Nzama amene wamva nyimbo ya kwaya pa Radio Maria, n'kuikonda, akaigule kuti kuti asatchedwe wakuba? Sitolo yake ili pati? Imatsegula nthawi yanji?

Kale njira idalipo. Gulu la Amontfort, lomwe lidatsegula mishoni yake yoyamba m'dziko muno pa Nzama pomwepa mu 1901, ndi lomwelonso lidabzala nyimbo ku Balaka, kumene Bambo Mario Pacifici adathandiza kukhazikitsa Alleluya Band mu 1978. Kumeneko n'kumene kudachokera Paul Banda ndi mng'ono wake malemu Lucius Banda, ndipo oyimba ochuluka adajambulira nyimbo zawo mu situdiyo ya Imbirani Yahwe. Nyimbo ikatuluka mu situdiyo inkapita ku Limbe kwa O.G. Issa, kukachulukitsidwa pa makaseti, kenako mavenda n'kuifikitsa m'misika ya kumidzi, chidindo cha bungwe loteteza ntchito za aluso la COSOMA chili pachikuto. Si kuti oyimba ankasangalala nazo zonse. Ankadandaula kuti gawo lawo pa kaseti imodzi linali lochepa, ndiponso kuti sankadziwa bwinobwino makaseti amene agulitsidwa. Komabe padali khomo loti munthu n'kukagogoda n'kufunsa zake. Makaseti atatha, ma CD n'kutsatira, khomolo lidatsekedwa. Adatsegula lina m'malo mwake ndani? Mnyamata wa kompyuta uja adalanda msika wa munthu, kapena adangoupeza uli wopanda mwini?

Ena amayankha kuti lero zonse zili pa intaneti. Inde, Spotify idafika m'Malawi mu 2021, ndipo YouTube tidaizolowera kale. Koma kodi oyankha chonchiwa adauwona mtengo wa bandulo ndi maso a mlimi wa mbatata ya kachewere amene akudikira ogula pamsewu? Adayesapo kumvera nyimbo pa intaneti ndi kafoni ka mabatani, kotchajitsa pa sola ya mnansi?

Tsono pali mfundo imene imabisika m'phokoso lonseli. Anthu a ku Nzama sadasiye kulipira nyimbo. Amalipira, ndipo nthawi zina kawiri. Lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989, lidakhazikitsa msonkho pa zipangizo zosungira ndi kukopera nyimbo monga mafoni, makompyuta ndi mafulashi. Msonkhowu umatoleredwa katunduyo akamalowa m'dziko, ndipo COSOMA, bungwe limene lidayamba ntchito mu 1992, ndi limene limagawa ndalamazo kwa aluso. Wamalonda sapereka msonkho wotere kuchokera m'thumba mwake. Amauwonjezera pa mtengo. Choncho wogula foni yolowa mwalamulo walipira kale, ndipo akafika kwa mnyamata uja amalipiranso. Ndalamayo ikutuluka m'mudzi. Ikukafika kwa yani?

Apa mafunso athu akupita kwa a COSOMA. Kugawa ndalama za msonkhowu ndi chinthu chabwino chimene chachitikira oyimba athu m'zaka zaposachedwapa, ndipo ena alandira ndalama zomwe sadaziwonepo m'nthawi ya makaseti. Koma mumadziwa bwanji nyimbo zimene zili m'mafoni a ku Nzama? Mudatumako munthu kukafunsa? Ngati muyeso wake ukhala zimene zikuseweredwa m'mawailesi a m'tauni kapena zimene zikutchuka pa intaneti, ndiye kuti ndalama ya mlimi womvera kwaya, zitsitsimutso ndi nyimbo za makedzana izipita kwa woyimba amene mlimiyo sadamumvepo. Nanga mphunzitsi wa kwaya wa kunthambi ya parishi, amene adapeka nyimbo yomwe tsopano ikuyimbidwa m'matchalitchi ambirimbiri ndi pamaliro, adamuuza ndani kuti ayenera kulembetsa ku Lilongwe kuti dzina lake liwerengedwe? Mungamudzudzule kuti sadabwere, inu musadamupitire? Ndipo poti Mozambique ili pafupi chonchi, moti ku Lizulu malire ndi msewu wa M1 womwewo, foni zolowa mozemba msonkho wake akuusaka ndani?

Palinso za mphamvu ya lamulo. Timamva za apolisi kulanda makompyuta a anyamata m'misika. Kwa zaka zambiri takhalanso tikumva madandaulo oti nyumba zoulutsira mawu, kuphatikizapo MBC ya boma, zimachedwa kulipira kapena kukundika ngongole ya nyimbo zimene zimasewera usana ndi usiku. Mudamvapo kuti zida za wailesi ina zanyamulidwa pa galimoto ya polisi chifukwa cha ngongole yotere? N'chifukwa chiyani lamulo limathamanga likaona mnyamata wa pabenchi, n'kuyenda monyang'ama likafika pa geti ya ofesi?

Makolo ankati ukaipa dziwa nyimbo, kutanthauza kuti luso limamupulumutsa munthu. Allan Namoko ankaidziwa nyimbo kuposa ambiri, koma adamwalira mu 1995 ali wosauka, nthawi imene kudalibe memori kadi ngakhale imodzi kwawo ku Thyolo. Adamubera ndani? Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu adayimba kwa zaka makumimakumi, ndipo nyimbo yake ya Linny Hoo, atayijambulanso ndi Patience Namadingo mu 2020, idamveka kambirimbiri pa TikTok m'maiko akutali. Eni TikTok si anyamata a pamsika wa Nzama. Ndi kampani yolemera kwambiri. Ndani m'boma kapena ku Musicians Union of Malawi amene ali ndi ntchito yotsata ndalama zoterezi kunja? Zomwezonso ndi ngoma ya Angoni, imene anthu amajambula ndi mafoni chaka ndi chaka pa mwambo wawo wa Umhlangano ku Nkolimbo. Lamulo limati nyimbo ndi magule a makolo akusungidwa ndi boma m'malo mwa Amalawi onse. Chabwino. Wina akatenga kayimbidwe ka ngoma n'kupanga nako ndalama, ovina a kwa mfumu yawo Gomani amaonapo chiyani?

Oyimba nawonso asathawe. Ambiri lero amamwaza okha nyimbo zatsopano pa WhatsApp, kupempha aliyense kuti agawireko anzake, chifukwa akudziwa kuti ndalama ili kumashowo ndi kwa makampani otsatsa malonda. Nyimbo ikafika m'midzi kudzera mwa mnyamata uja, bwalo n'kudzaza, palibe amatukwana. Kodi n'zotheka kumugwiritsa ntchito ngati wofalitsa Lolemba, n'kumuitanira apolisi Lachisanu?

Ku America adaitsekadi Napster, njira yogawanirana nyimbo pa intaneti, mu 2001, koma anthu sadaleke kugawana nyimbo chifukwa cha chigamulo cha khoti. Ambiri adayambanso kulipira patabwera sitolo ya nyimbo ya iTunes mu 2003, kenako njira zomvera nyimbo polipira pamwezi, kugula kutakhala kosavuta kuposa kuzemba. Kuno makampani a mafoni adakwanitsa kuika ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba pafupifupi pamsika uliwonse, ndalama iliyonse n'kumalembedwa, komishoni n'kumadziwika. Chikuletsa n'chiyani kuti mnyamata wa kompyuta alembetsedwe chimodzimodzi, alandire nyimbo zovomerezeka, azilemba zimene wagulitsa, atengepo gawo lake, lotsalalo lipite kwa wopeka? Palibe wina m'dziko muno amene akudziwa zimene anthu a ku Nzama amamvera kuposa iye. COSOMA, unduna woona za chikhalidwe ndi mabungwe a oyimba, mudzakhala naye pansi liti kuti akuuzeni?