Ndiwo za Ntcheu zisamathere pa msewu

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amadziwa kuti boma la Ntcheu ndi dimba la dziko lino. Kuyambira pa Lizulu, pomwe msika umodzi umagwira Malawi ndi Mozambique, kudzera pa Mlangeni mpaka pa mphambano yopita ku Tsangano, kabichi amaunjikidwa ngati chulu, tomato amachita kufiira m'mabeseni, ndowa za kachewere zili ndandanda, pambali pake karoti, anyezi, zitheba ndi nsawawa. Magalimoto amanyamuka atalemedwa, ndipo anthu a ku Area 25 ndi ku Ndirande amagonera ndiwo za kwathu kuno. Nanga mayi uja amene watha tsiku lonse akuthamangira mawindo a minibasi beseni lili kumutu, dzuwa likalowa amatereka chiyani pa moto? Kawirikawiri ndi nsima yoyera ndi masamba akunja a kabichi amene ogula anawakana, kapena kapaketi ka nyama ya soya kosambira m'madzi. Mawa lake n'chimodzimodzi.

Ine ndikuona kuti m'makomo ambiri vuto la mgonero si kusowa kwa chakudya kokha ayi. Tinasiya kuphika motsata nyengo, tinayamba kuphika motsata thumba. Chimene chili ndi mtengo timagulitsa chonse, chimene chilibe mtengo timachinyoza, ndipo mphika wa madzulo umangolandira zotsala.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno, 37 ndi opinimbira, ndipo pafupifupi 63 ali ndi magazi ochepa. Mwa amayi a msinkhu wobereka, mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vuto lomweli la magazi. Ife azamba zotsatira zake timakumana nazo m'chipinda chochilira. Mayi wa magazi ochepa akataya magazi pobereka, ngakhale mlingo umene mnzake akanaupirira, moyo wake umakhala pa chiswe. Mapiritsi oonjezera magazi amene timapereka ku sikelo ndi ofunika ndipo azimwedwa tsiku lililonse, koma sangalowe m'malo mwa mphika. Ndikunena za mgonero makamaka chifukwa kadzutsa ambiri amangomudumpha, nkhomaliro imapeza wina ali kumunda, wina kumsika, wina kusukulu. Madzulo ndi pamene banja lonse limakhala pa mphasa imodzi.

Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Ophunzira athu a unamwino amawaloweza bwinobwino, ndipo zithunzi zake zili pa makoma a zipatala. Koma mayi wa kumudzi akamva zoti "asanu ndi limodzi" amayamba kuwerengera ndalama, n'kugwa ulesi. Komatu taonani mbale iyi: nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera, kausipa kodzaza dzanja limodzi kokazinga ndi supuni ya mafuta, kenako mango awiri. Magulu onse akwana pamenepo, ndipo chogula ndi usipa ndi mafuta basi.

Nyengo yovuta kwambiri ndi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Nkhokwe zapepuka, chimanga chakwera mtengo, anthu ali kalikiliki ndi maganyu. Chodabwitsa n'chakuti ndi nthawi yomweyi pamene ndiwo zabwino koposa zimamera zokha. Bonongwe, chisoso, luni ndi denje zimatuluka m'mizere popanda wozibzala. Nkhwani, khwanya, chitambe ndi kholowa zili m'munda momwe tikupaliramo. Masamba obiriwira kwambiri ngati amenewa ali ndi vitamini A ndi michere yothandiza magazi kuposa kabichi amene timamulemekeza chifukwa choti ndi wogula. Koma timawazula n'kuwataya kumalire ngati udzu, ndipo masiku ano mankhwala opha udzu akumaliza zimene khasu linkasiya. Mlimi wopopera munda wonse asiyeko kachigawo koti bonongwe amerepo. Ndamvapo atsikana ena akuti chisoso ndi ndiwo ya amphawi. Chisoso chomwecho chikafika ku Lilongwe chimamangidwa timitolo, ndipo mabwana amatsika m'galimoto kukachigula.

Kaphikidwe kake ndiye pagona nkhani. Masamba azitsukidwa asanadulidwe, osati kuwadula kaye n'kuwaviika, chifukwa michere ina imapita ndi madzi otsukirawo. Madzi ophikira akhale ochepa, oti nsinjiro zikalowa asatsale otaya, ndipo mphika uphulidwe masamba akadali obiriwira. Za soda ndi chidulo ndikudziwa kuti ndikhumudwitsa ambiri. Ndi zoona kuti soda amafewetsa ndiwo msanga ndipo amapulumutsa nkhuni, komanso therere lopanda chidulo ena salimva kukoma. Koma soda amaononga mavitamini ena, makamaka C ndi ena a m'gulu la B. Nkhwani wanthete wosadzulidwa bwino safuna soda konse. Ngati n'kutsirako, kukhale kwa therere ndi chigwada, osati mphika uliwonse.

Mvula yoyamba imabweretsanso ngumbi, zomwe zili ndi mafuta ndi zomanga thupi zambiri, ndipo zokazinga n'kuziyanika zimasungika. Bowa naye ndi wa nyengo yomweyi, koma apa ndichenjeze monga namwino: bowa amene akuluakulu a m'mudzi sakumudziwa dzina asalowe mumphika, ndipo ana asamatumidwe okha kukazula. Mango kumunsi ndi mapichesi kumapiri amafika poolera pansi. Chipatso chodyedwa pamodzi ndi mgonero chimathandiza thupi kutenga michere ya magazi kuchokera m'masamba ndi nyemba, pomwe tiyi womwera pa chakudya amachita zosiyana, amatsekereza micherewo. Mayi woyembekezera amene amakonda tiyi amwe patapita nthawi atadya.

Kuyambira Marichi zinthu zimasintha. Dowe wapsa, maungu akhwima, nyemba zaziwisi ndi mtedza watsopano zafika, mapeyala ndi magwafa ali mbwee. Nyengo ya Lenti imakonda kugwa chapamenepa, ndipo kunena zoona Lachisanu losadya nyama si chilango kwa munthu wa ku Ntcheu amene ali ndi nyemba zaziwisi zophika ndi tomato. Ino ndi nyengo ya futali: maungu kapena mbatata zophikidwa mpaka kufewa, n'kutsiramo nsinjiro ndi kamchere pang'ono. Ndi chakudya chokwanira kugonera, chosafuna ndiwo ina, ndipo mwana wa miyezi isanu ndi iwiri atha kudya nawo chikapotedwa bwino. Futali wa mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, amaposa pamenepo chifukwa mbatatayi ili ndi vitamini A wambiri. Mbewu yake alangizi a zaulimi amaidziwa, ndipo khomo limodzi likakhala nayo mudzi wonse utha kugawana.

Masika ndi pamenenso mgonero wa chaka chonse umapulumukira kapena kutayikira. Mavenda amafika ndi masikelo awo mbewu zisanaume n'komwe. Fizi ikufunika, ngongole ya feteleza ikudikira, ndiye soya yense, mtedza wonse ndi nyemba zonse zimakwera njinga. Ikamafika Okutobala banja lomwelo likugula nyemba pa kambale pa mtengo woposa umene linagulitsira. Sindikuti tisagulitse, pakuti sopo ndi makope sizimera m'munda. Ndikuti thumba la pakhomo liziyamba kupatulidwa, la venda lizibwera pambuyo. Ndipo lopatulidwalo likhale labwino. Chizolowezi chathu n'chosankha mtedza wonenepa kuti ukagulitsidwe, wofota ndi wachuku n'kutsala wosinja nsinjiro za ana. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amaononga chiwindi ndipo saphedwa ndi moto wophikira. Mtedza woola ndi wotaya basi.

Agogo athu analibe firiji, koma ankadya masamba m'mwezi wa Okutobala. Chinsinsi chawo chinali mfutso. Khwanya, chitambe, nkhwani ndi therere zinkafutsidwa nthawi ya zochuluka n'kusungidwa m'zikwatu zokulungidwa ndi masamba a msuku, zopachikidwa kudenga la khitchini. Luso limeneli likutha, ndipo atsikana ambiri okwatiwa lero chikwatu sanachionepo. Silovuta ayi. Masamba anthete amaviikidwa m'madzi owira othira kamchere kwa mphindi zochepa chabe, amatsanulidwa, n'kuyanikidwa pa mphasa yoyera kapena pa thandala. Apa ndisiyane pang'ono ndi agogo: kuyanika pa dzuwa la phwee kumachotsa vitamini A wambiri, choncho ndi bwino kuyanika pa mthunzi podutsa mphepo, ngakhale zitenge masiku oonjezera. Zikauma mpaka kumathetheka zisungidwe mouma. Tomato amene amatayidwa m'mbali mwa msewu msika ukadzaza naye atha kudulidwa mopyapyala n'kuumitsidwa. Zimandipweteka kuona milu ya tomato ikuola pa Lizulu, kenako miyezi ingapo pambuyo pake anthu a m'midzi yomweyo akuphika ndiwo zoyera chifukwa tomato wadula.

Chilimwe chili ndi zake. Kumapiri madimba amapereka mpiru, repu ndi tchainizi, bola mlimi adikire masiku olembedwa pa botolo la mankhwala asanathyole, ndipo wophika atsuke bwino. Kuzigwa monga ku Bwanje, Sharpevale ndi Manjawira kuli nandolo, khobwe, masau ndi malambe. Ufa wa malambe uli ndi vitamini C wochuluka, ndipo wosungunula m'madzi aukhondo kapena wothira m'phala lozizirako umaposa zakumwa za m'mabotolo zimene timagulira ana. Mbewa nazo ndi nyama, tisachite nazo manyazi. Chakumapeto masuku amapsa, mvula n'kubweranso.

Tsono nsima. Palibe amene angaichotse pa mphasa ya Mmalawi, ndipo sindikufuna kutero. Koma chimanga chikakonoledwa, n'kuviikidwa, n'kutsukidwa kuti ufa uyere, mafuta ndi michere yambiri imapita ndi madeya, ndiye kuti nkhumba ndi nkhuku zikudya bwino kuposa ana athu. Mgaiwa umasunga zimenezi, komanso thumba limakhalitsa popeza palibe chotayika kuchigayo. Amene angathe asakanize magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga, monga umapangidwira ufa wa Likuni Phala, ukhale wa phala la ana. Komanso tiyeni tileke mawu aja akuti "sitinadye" pamene tagonera kachewere ndi nyemba. Boma lolima kachewere wochuluka chotere siliyenera kumamudziwa ngati tchipisi cha pa chiwaya chokha. Wophika ndi makoko ake, n'kudyera nyemba ndi mpiru, ndi mgonero wathunthu. Chaka cha 2024, pamene ng'amba inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, tinaona mmene banja lodalira chimanga chokha limagwera msanga kusiyana ndi lomwe lili ndi mbatata, chinangwa kapena mapira pambali.

Wina anena kuti amayi anamwino akulankhula chonchi chifukwa amalandira malipiro pa mwezi. Pali choona pamenepo. Alipo mabanja amene mu Febuluwale alibe ngakhale ufa, ndipo amenewo akufunika thandizo, osati malangizo a kaphikidwe. Ndi zoonanso kuti mayi amene walima, watunga madzi, wakatola nkhuni kutali, sangakhale ndi mphamvu zophika miphika itatu. Nyemba zimadya nkhuni. Koma zikaviikidwa m'madzi kuyambira m'mawa zimapsa msanga, ndipo mbaula ya dothi ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa. Mphika umodzi wosakaniza nyemba, maungu ndi masamba ndi wopepuka kuposa miphika iwiri.

Komabe zonsezi sizingatheke ngati tizisiya m'manja mwa amayi okha. Bambo ndi amene nthawi zambiri amalamula kuti matumba angati agulitsidwe, ndipo ndalama ya kabichi imathera m'thumba mwake. Bambo yemweyo ndi amene amapatsidwa mutu wa nsomba ndi chiwalo chonona cha nkhuku, mwana n'kupatsidwa msuzi. Abambo, msuzi sukulitsa mwana. Mwana wosakwana zaka ziwiri akhale ndi kambale kakekake, chifukwa akamadyera limodzi ndi akuluakulu ake sangapikisane nawo, ndipo ndiwo zake zikhale zenizeni: usipa wosinja, dzira, nyemba zopota, masamba odula bwino. M'mera mpoyamba. Masiku 1000 oyamba, kuchokera pamene mayi watenga pathupi mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndi amene amaumba msinkhu ndi ubongo, ndipo zotayika pamenepa n'zovuta kuzibweza.

Palinso chikhulupiriro chija choti mayi woyembekezera akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikulandira ana, ndaona a tsitsi lambiri ndi a tsitsi lochepa, ndipo dzira silinakhalepo chifukwa chake. Nkhuku zikuikira kuseri kwa nkhokwe, mazira ake akupita ku msika kukasinthana ndi mchere. Mwa mazira khumi, atatu atsale pakhomo: limodzi la mayi wapakati, awiri a ana.