Chifukwa Chimene Chigwa cha Shire Chimamira

M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy adasakaza Chigawo cha Kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusoŵa. Tsokali lidadza pambuyo pa madzi osefukira a mu 2015, a mu 2019, ndi a mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira. Pa zaka zonsezi maboma a Chikwawa ndi Nsanje sadapulumuke, chikhalirecho dera limeneli ndi limodzi mwa madera olandira mvula yochepa m'Malaŵi muno. Nanga madzi omiza midzi kumeneko amachokera kuti?

Akatswiri ofufuza za mitsinje amapeza yankho m'maonekedwe a dziko. Shire akachoka ku Matope amatsetsereka mwaliŵiro m'mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Akafika ku Chikwawa amaloŵa m'chigwa chathyathyathya momwe madzi amayenda pang'onopang'ono, motero amatula mchenga ndi matope onse amene anyamula. Chaka ndi chaka khwaŵa limakwiririka, ndipo khwaŵa losaya silisunga madzi ambiri. Kudula mitengo ndi kulima m'malo otsetsereka kumtunda kwachulukitsa dothi lokokolokali.

Vuto lalikulu lili ku Chiromo. Mtsinje wa Ruo, umene umayambira m'phiri la Mulanje komwe mvula imagwa yochuluka, umathira mu Shire pamenepo. Ruo akadzaza amatsekereza Shire, madzi nabwerera m'dambo la Elephant Marsh ndi m'minda yoyandikana nalo. Mu 2015 Ruo adasiya khwaŵa lake lakale nadzitsegulira njira yatsopano m'dera la Makhanga. Nchifukwa chake mudzi umatha kumira kunja kuli ngwee: madzi ake ndi a mvula imene idagwa kumapiri.

Phindu la kafukufuku wotere nloonekeratu. Zida zoyezera madzi kumtunda zimapatsa anthu a kumunsi mpata wothaŵira kumalo okwera, ndipo mapu a malo osefukira amasonyeza poyenera kumanga sukulu, chipatala kapena mlatho. Komabe kusamutsa anthu nkovuta, pakuti matope omwewo ndiwo amabereketsa madimba, ndipo mlimi sasiya msanga nthaka yomudyetsa. Tsono nkofunika kuti nyumba zikhale pamtunda, minda ikhale kudambo.

Aphunzitsi angathe kuthandizapo pozika mtengo wolembedwa miyeso m'mbali mwa mtsinje wapafupi, ophunzira namalemba msinkhu wa madzi tsiku ndi tsiku m'nyengo ya dzinja. Gawo lotsatira lidzalongosola za napolo wa ku Phalombe wa mu 1991.