Ndemanga ya mkonzi: Thermostat si ya mayiko ozizira okha

Pali uphungu umene wafala m'magalaja ndi pa masiteji a minibasi mpaka ambiri aulandira ngati lamulo. Akuti galimoto ikangotsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, ntchito yoyamba n'kuichotsa thermostat. Akuti kachitsulo kameneka anakaikira mayiko ozizira monga Japan, ndipo kuno kotentha kamangotsekereza madzi n'kuwiritsa injini. Uphungu umenewu ndi wolakwika, ndipo ukupha msanga injini zimene zikanatumikira mabanja zaka zambiri.

Tiyambe ndi Japan yemweyo. N'zoona kuti kumagwa chipale, koma nyengo yotentha ya kumeneko si yamasewera. Mu July 2018, mumzinda wa Kumagaya, kumpoto kwa Tokyo, kunatentha kufika madigiri 41.1, kutentha kumene anthu a ku Nsanje ndi ku Ngabu amakudziwa bwino mu October. Sienta kapena Vitz imene mwagulayo inayendapo m'nyengo yotereyi, itapanikizana ndi magalimoto ena mumzinda, thermostat ili m'malo mwake. Hilux imene amapanga ku Durban ndi ku Thailand imatuluka mufakitale ili nayo. Land Cruiser imene amagulitsa m'zipululu za Saudi Arabia ndi Australia ilinso nayo. Kodi tinene kuti kwa Nchalo kumatentha kuposa ku Riyadh?

Ntchito ya thermostat ambiri saimvetsa. Ili ngati chitseko cha ngalande ya mthirira, chimene chimalola madzi kudutsa pa mlingo wofunika. M'kati mwake muli phula lapadera limene limafufuma likatentha n'kukankha chitsekocho. Injini ikakhala yozizira, thermostat imatseka njira yopita ku rediyeta kuti madzi azungulire mu injini momwemo, itenthe msanga. Madzi akafika pa mlingo wake, umene pa injini zambiri za Toyota ndi madigiri 82 ndipo nambalayo imadindidwa pa thermostat pomwepo, imayamba kutseguka. Pofika cha m'ma 95 imakhala itatseguka yonse. Ndiye kuti pa nthawi imene dalaivala akukwera chitunda cha Thabwa masana, katundu ali tho, thermostat yabwino imakhala ili pululu, sikutsekereza kanthu.

Injini anaipanga kuti izigwira ntchito ili yotentha, pafupifupi madigiri 90. Mipata ya pakati pa mapisitoni ndi makoma a silinda anaiyeza poganizira kuti chitsulo chikhala chitafufuma ndi kutentha koteroko. Oyilo nayenso amayenda bwino akatentha. Mukachotsa thermostat, injini imatenga nthawi yaitali isanafike pamenepo, ndipo m'mawa wa mu June ku Dedza kapena ku Mzuzu, ngakhalenso potsetsereka pa Khwekhwerere, mwina siifika n'komwe.

Apa ndi pamene thumba limabookera. Magalimoto amene tikugula masiku ano ali ndi kompyuta imene imawerenga kutentha kwa madzi. Ikaona kuti injini ndi yozizira, imawonjezera petulo, monga mmene choke inkachitira pa magalimoto akale. Injini yopanda thermostat imakhalitsa mumkhalidwe umenewu, ndipo mafuta amene munawafolera tsiku lonse pa filling station amangotha popanda ulendo wooneka. Petulo wotsala osapsa amatsuka oyilo m'makoma a silinda n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo yense. Chinyezi chimene chimayenera kuuma injini ikatentha chimatsalira mu oyilo n'kupanga zamatope zakuda zimene zimatseka tinjira take. Mapulagi amada ndi mwaye, maring'i amadyeka. Zonsezi zimachitika mwakachetechete, mwezi ndi mwezi, moti tsiku limene galimoto yayamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo, palibe amene amakumbukira kachitsulo kanatayidwa kuseri kwa galaja zaka ziwiri zapitazo. Mlandu umagwera galimoto, kuti za masiku ano n'zosalimba.

Chinanso chimene ochotsawo satchula n'chakuti pa injini zambiri thermostat ili ndi kambale kachiwiri kunsi kwake. Ikamatsegula njira ya ku rediyeta, kambaleko kamatseka njira yachidule yobwerera mu injini. Mukaichotsa, njira yachidule ija imakhala yotseguka nthawi zonse, ndipo ena mwa madzi otentha amangozungulira osafika ku rediyeta. Injini yoteroyo imazizira mopitirira m'mawa, n'kudzawira masana pa chitunda cha Chiweta, pamene mwini wake ankaganiza kuti anathana nalo vutoli.

Sitikunyoza amakaniko athu. Ambiri ndi anthu a luso amene amadzutsa magalimoto popanda zipangizo zokwanira, ndipo chikhulupiriro chawochi chili ndi pamene chinachokera. Thermostat imakalamba, ndipo ikafa ili chotseka, injini imawira pa mphindi zochepa. Makaniko akaichotsa, vuto limatha pomwepo, mwini galimoto n'kupita akuthokoza. Zikakuchitikirani pa Zalewa usiku, ichotseni ndithu kuti mukafike kunyumba. Koma chimene chapezeka pamenepo n'chakuti thermostat ija inafa ndipo ikufunika ina. Tikudziwanso kuti m'misika mwadzaza masipeya achinyengo amene amafa asanathe miyezi, ndipo zimenezi zalimbikitsa maganizo akuti bola kukhala opanda. Yankho lake ndi kufunafuna yeniyeni, ya nambala yofanana ndi imene inalimo, chifukwa mtengo wake sungayandikire n'komwe mtengo wa ovaholo.

Nthawi zambiri thermostat imafera mlandu wa ena. Wolakwa wamkulu ndi madzi amene timathira mu rediyeta. Madzi a pa mjigo kapena a pa chitsime ali ndi mchere umene umakakamira m'timipope ta rediyeta, ndipo popanda coolant dzimbiri limadya pampu ya madzi ndi m'kati mwa injini. Wachiwiri ndi chitsekerero cha rediyeta, chimene anthu amachiona ngati chivundikiro wamba. Chimenechi chimasunga mpweya wopanikiza umene umathandiza kuti madzi asawire mpaka cha m'ma 120. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi osapanikizidwa amawira pa madigiri 96 kapena 97, pafupi kwambiri ndi pamene injini imagwirira ntchito. Labala wa chitsekerero akangotha, galimoto imayamba kutaya madzi ngakhale zina zonse zili bwino. Onjezanipo fani yosazungulira chifukwa cha fyuzi kapena relay, mapaipi odontha, lamba wolephuka ndi gasiketi yopsa. Kuchotsa thermostat kumangobisa matenda amenewa kwa kanthawi, iwo akukulirakulira.

Mungadziwe bwanji ngati yanu inachotsedwa kale? Magalimoto ang'onoang'ono ambiri monga Vitz, Passo ndi Demio alibe muvi woonetsa kutentha, ali ndi kanyali kosonyeza kuti injini ikadali yozizira. Kakamachedwa kuzima, kapena kakamayakanso mukamatsetsereka, kayikirani. Chizindikiro china ndi hita yotulutsa mpweya wozizira. Ena amati hita ilibe ntchito kuno, koma amene anayendetsapo pa msewu wa Thyolo chiperoni chitakuta, galasi lakutsogolo litachita nkhungu, amadziwa kuti mpweya wotenthawo ndi umene umamuonetsa woyenda pansi ndi wakabaza.

Kuyesa thermostat sikufuna makina. Iikeni mumphika wa madzi pamoto. Ikatseguka madzi asanabwate, n'kutsekanso akamazizira, ndi yamoyo, ndipo chimene chikuwiritsa injini chili kwina.

Tikupempha eni magalaja ndi aphunzitsi a m'sukulu za ntchito zamanja kuti asiye kupatsira anyamata awo chizolowezi chimenechi. Inunso eni galimoto, makaniko akakuuzani kuti achotse thermostat, mufunseni kaye ngati wayesa chitsekerero, fani ndi rediyeta. Ngati inachotsedwa kale, gulani ina muibwezere pa sevisi ikubwerayi, ndipo muthire coolant m'malo mwa madzi a pa mjigo.